Nyimbo M'kamwa mwa Ena: Mafunso ndi Mayankho pa Zimbale Zolemekeza Opeka Nyimbo

Pakati pa oimba a m'maiko ambiri pali mwambo wakuti, akaona kuti munthu wina wapeka nyimbo zokoma kwa zaka zambiri, amagawana nyimbo zakezo, aliyense natenga imodzi, naiimba monga mwa mphatso yake, ndipo zonse zikasonkhanitsidwa zimatuluka pa chimbale chimodzi chochitira ulemu wopekayo. Zimbale zotere n'zosawerengeka, zina zokhalitsa, zina zoiwalika msanga; koma kuti nkhani isamwazike, tidzaunika makamaka chimodzi chotchedwa I'm Your Fan, chimene chinatuluka mu 1991 polemekeza Leonard Cohen wa ku Canada, pakuti mbiri yake iyankha mafunso ambiri amene munthu angafunse pa mwambo umenewu.

Kodi chimbale chotere chisiyana bwanji ndi chimbale chosonkhanitsa nyimbo zakale za woimba?

Chisiyana pa chinthu chimodzi chachikulu, ndicho chakuti mwini nyimbo amakhala chete. Kampani ikasonkhanitsa nyimbo zotchuka za woimba, mawu amene timva ndi omwe aja tinawazolowera, ndipo palibe chatsopano chimene chachitika kupatula kuzisanja pamodzi. Koma pa chimbale chaulemu nyimbo iliyonse imajambulidwa mwatsopano, ndi mawu ena, ndi zoimbira zina, mwinanso m'chilankhulo china. Tsono pakutero pamaonekera choonadi chimene ambiri a ife timaiwala, chakuti kupeka nyimbo ndi kuiimba ndi mphatso ziwiri, zimene nthawi zina zimakumana mwa munthu mmodzi, nthawi zina ayi. Pamene timva nyimbo m'kamwa mwa mwini wake yekha, sitingadziwe bwino ngati chotikoka mtima ndi nyimboyo, kapena liwu la woimbayo, kapena mbiri ya moyo wake imene taimva. Koma monga ubwino wa mbewu umadziwika pamene yabzalidwa m'munda wa wina, pa nthaka ina ndi mvula ina, momwemonso nyimbo yopekedwa mwaluso imadziwika pamene yachoka kwa mwini wake nikhalabe ndi moyo.

Kodi mwambo umenewu unayamba liti?

Kuimba nyimbo za anthu ena n'kwakale monga kuimba kumene, koma kuika dzina la wopeka patsogolo pa chimbale chonse ndi mwambo umene tingautsate mapazi ake. Ku America, m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, opeka nyimbo ambiri anali anthu a m'maofesi a ku New York, amene ankagulitsa nyimbo zawo kwa oimba ndi kwa okonza masewero, kotero kuti anthu ankadziwa nkhope ya woimba, ya wopeka osaidziwa. Ella Fitzgerald, mothandizidwa ndi Norman Granz wa kampani ya Verve, ndiye anakweza opekawa pamaso pa anthu: kuyambira mu 1956, pamene anaimba nyimbo za Cole Porter, kufikira mu 1964, pamene anaimba za Johnny Mercer, anatulutsa mndandanda wa ntchito zisanu ndi zitatu, iliyonse yoperekedwa ku nyimbo za wopeka mmodzi kapena awiri ogwirizana, monga Duke Ellington, Irving Berlin, ndi abale aja George ndi Ira Gershwin.

Pofika m'ma 1960 zinthu zinatembenuka, pakuti Bob Dylan, gulu la The Beatles ndi ena ambiri anayamba kuimba zopeka okha, ndipo omvera anazolowera kuganiza kuti nyimbo ndi liwu la mwini wake n'zosalekanitsika. Munthu amene anaonetsa njira yosonkhanitsira oimba osiyanasiyana pa ntchito ya wopeka mmodzi ndi Hal Willner, amene mu 1981 anakonza chimbale cha nyimbo za Nino Rota wa ku Italy, mu 1984 cha Thelonious Monk, ndipo mu 1985 cha Kurt Weill. Pomafika chiyambi cha m'ma 1990 makampani anali ataona kuti muli phindu, ndipo zimbale zotere zinachuluka, monga Two Rooms cha mu 1991, cholemekeza Elton John ndi Bernie Taupin.

Nanga Leonard Cohen anali yani kuti ayenere ulemu wotere akali moyo?

Anabadwira ku Montreal mu 1934, m'banja la Chiyuda lodziwika bwino mu mzindawo, ndipo asanakhale woimba anali mlakatuli ndi mlembi wa mabuku: buku lake loyamba la ndakatulo linasindikizidwa mu 1956, ndipo linatsatidwa ndi mabuku a nthano awiri, mu 1963 ndi mu 1966. N'zochititsa chidwi kuti nyimbo zake zinayamba kumveka m'kamwa mwa wina iye asanajambule ndi imodzi yomwe, pakuti Judy Collins ndiye anaimba "Suzanne" mu 1966, ndipo chimbale choyamba cha Cohen mwini chinatuluka kumapeto kwa 1967, iye ali ndi zaka 33, msinkhu umene oimba ambiri a masiku amenewo ankayesedwa kuti atha kale.

Liwu lake linali lotsika ndi losakwera patali, ndipo linankirankira kuzama pamene iye ankakula; mawu a nyimbo zake anali olemera, odzala ndi zifanizo za m'Malembo, osakaniza pemphero ndi chilakolako cha thupi mopanda manyazi; ndipo anali wosafulumira, wotha kusunga nyimbo imodzi zaka zingapo akuikonzabe. Anthu a ku Ulaya anamukonda, koma ku America malonda ake anali ofooka, kufikira kuti mu 1984, pamene anapereka chimbale chake cha Various Positions, akuluakulu a kampani ya Columbia anakana kuchitulutsa m'dzikomo, ndipo chinatulukira ku kampani yaing'ono ya Passport. Pa chimbale chokanidwacho panali nyimbo yotchedwa "Hallelujah," imene pa nthawiyo ndi anthu ochepa okha amene anaiyesa kanthu, ngakhale kuti mmodzi wa ochepawo anali Bob Dylan, amene anaiimba pamaso pa anthu ku Montreal mu 1988.

Ndani anakonza chimbale cha mu 1991, ndipo anaimbamo ndani?

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pano zinaterodi, pakuti ntchitoyi sinachokere ku Canada kapena ku New York, koma ku Paris, kwa alembi a magazini yachinyamata ya Les Inrockuptibles, imene inayamba mu 1986. Iwo anaitana oimba amene pa nthawiyo ankamvedwa ndi ana a sukulu zaukachenjede ndi achinyamata okonda nyimbo zosatsata msika, anthu amene ambiri a iwo akanatha kukhala ana a Cohen, ndipo anasonkhanitsa nyimbo 18. Gulu la R.E.M. linaimba "First We Take Manhattan," la Pixies linaimba "I Can't Forget," la James linaimba "So Long, Marianne," Lloyd Cole anatenga "Chelsea Hotel," ndipo Jean-Louis Murat anaimba "Avalanche" m'Chifalansa. Nyimbo ya "Tower of Song" inaimbidwa kawiri pa chimbale chomwecho, ndi Robert Forster ndiponso ndi Nick Cave pamodzi ndi gulu lake, kotero kuti womvera angathe kuyerekeza yekha manja awiri pa ntchito imodzi.

Pakati pawo panalinso mwana wa mu Africa, Geoffrey Oryema wa ku Uganda, amene anathawa kwawo mu 1977 atabisidwa m'galimoto, bambo ake Erinayo Oryema, nduna ya boma, ataphedwa pamodzi ndi Bishopu Wamkulu Janani Luwum mu ulamuliro wa Idi Amin. Iye anakhazikika ku France, ndipo kwa iye kunagwera "Suzanne," nyimbo yomwe ija imene inatsegulira Cohen khomo. Anaiimba mofatsa, ndi liwu la munthu wodziwa kukhala kutali ndi kwawo, kotero kuti mtsinje wa ku Montreal wotchulidwa m'nyimbomo umamveka ngati ungakhale mtsinje wa kwina kulikonse.

Anthu amati nyimbo imodzi ya pa chimbalechi inapambana zinzake zonse. Kodi chinachitika n'chiyani?

Nyimboyo ndi yomaliza pa chimbale, "Hallelujah," ndipo woiimba anali John Cale wa ku Wales, amene m'ma 1960 anayambitsa gulu la The Velvet Underground pamodzi ndi Lou Reed. Kuti timvetse chimene Cale anachita, tiyenera kuyamba tamva mmene nyimboyo inalili m'manja mwa mwini wake. Pa chimbale cha mu 1984 Cohen amaiimba ngati akulankhula, kumbuyo kuli ng'oma yolemera, limba lamagetsi, ndi kwaya yoyankha mokweza. Ndipo ndime zake zinayi zimadutsa m'nkhani zimene wowerenga Buku Lopatulika aliyense azidziwa: Davide woimba zeze, Davide yemweyo atagwa poona mkazi akusamba, tsitsi la Samsoni litametedwa, ndipo potsiriza munthu amene, zonse zitamuonongekera, aimirirabe pamaso pa Mulungu wopanda china choti apereke koma chitamando. Koma Cohen anali atalemba ndime zambirimbiri, zimene anthu amati zinali pafupifupi 80 kapena kuposerapo, ndipo poimba pamaso pa anthu m'zaka zotsatira anasiya zambiri za m'Malembo zija, naikamo zina zonena za mwamuna ndi mkazi amene chikondi chawo chazilala.

Cale anamva nyimboyo Cohen akuiimba ku New York, ndipo atapemphedwa kuti aimbe pa chimbale chaulemu, anapempha mwini wake kuti amutumizire mawu ake. Malinga ndi kufotokoza kwa Cale mwini, makina a fakisi anatulutsa masamba 15. Iye anakhala pansi nasankha: ndime ziwiri zoyambirira za pa chimbale cha mu 1984, za Davide ndi Samsoni, ndi zitatu za chikondi chozilala chija, ndipo ndime yomaliza ya chigonjetso cha chikhulupiriro anaisiya. Anachotsa ng'oma, anachotsa kwaya, natsala yekha ndi piyano, zala zake zikukwera ndi kutsika pang'onopang'ono, liwu lake losakongoletsedwa likutchula mawu alionse momveka. Sanaonjezere liwu ndi limodzi lomwe lakelake. Ntchito yake yonse inali kusankha, kusanja ndi kuchotsa. Komatu pakutero nyimboyo inasanduka ina, pakuti nkhani ya mfumu yochimwa ndi nkhani ya banja losweka zinakhala nkhani imodzi, ndipo chitamando chimene pa chimbale choyamba chinkaimbidwa ndi khamu chinasanduka kubuula kwa munthu mmodzi ali yekha m'chipinda. Chinanso n'chakuti, popeza zokuta zonse zinachotsedwa, woimba aliyense wokhala ndi gitala kapena piyano anatha kuona kuti nayenso angaikwanitse.

Kodi kuchokera pamenepo nyimboyo inayenda bwanji?

Inayenda pang'onopang'ono, modutsa m'manja ambiri, monga mwa mawu aja akuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mnyamata wina wa ku America, Jeff Buckley, anapeza chimbale cha I'm Your Fan m'nyumba ya mnzake ku Brooklyn, natengeka mtima ndi nyimbo yomalizayo, nayamba kuiimba m'timalo tating'ono ta ku New York, ndipo mu 1994 anaijambula pa chimbale chake cha Grace. Iye anatsata ndime zomwe zija anasankha Cale, koma m'malo mwa piyano anatenga gitala yamagetsi yokha. Kujambulako kumayamba ndi mpweya wake ukumveka akuusa, gitalayo n'kulira yokha kanthawi ndithu liwu lisanalowe, ndipo chakumapeto amakoka liwu limodzi motalika kufikira womvera aiwala kupuma. Buckley anamira m'madzi ku Memphis mu 1997 ali ndi zaka 30, ndipo imfa yakeyo inachititsa anthu ambiri kubwerera ku chimbale chimodzi chokha chimene anachimaliza.

Mu 2001 kaimbidwe ka Cale kanamveka mu filimu ya ana yotchedwa Shrek, ngakhale kuti pa chimbale cha nyimbo za filimuyo anaikapo ka Rufus Wainwright, ndipo kuyambira pamenepo nyimboyo inalowa m'nyumba za anthu miyandamiyanda. Mu Disembala 2008, sabata ya Khirisimasi, pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, Alexandra Burke, amene anapambana pa mpikisano wa The X Factor, anali woyamba ndi nyimboyi, malemu Buckley anali wachiwiri ndi nyimbo yomweyo, ndipo mwini wake Cohen anali pa nambala 36. Mu 2010 k.d. lang anaiimba potsegulira masewero a Olympics ku Vancouver. Lero imaimbidwa pa maukwati, pa maliro, ngakhale m'nyumba zopemphereramo, kumene ena amasintha mawu ake kuti agwirizane ndi chipembedzo, pozindikira kuti ndime zina si za pa guwa. Cohen mwini, amene anamwalira mu Novembala 2016, anafika ponena kuti nyimboyo ndi yabwino koma oiimba achuluka mopitirira. Koma taonani, ambiri mwa oimbawo amatsata kasanjidwe ka ndime kamene kanayambira pa chimbale chija cha ku Paris.

Kodi si chipongwe kusintha nyimbo ya munthu amene mukuti mukumulemekeza?

Funsoli ndi lolemera, ndipo pali okonda nyimbo ambiri amene amakwiya akamva nyimbo imene anakula nayo itavekedwa zovala zachilendo. Koma tiyeni tilingalire: ngati woimba atsanzira liwu la mwini, ndi kapumidwe kake, ndi zoimbira zake zonse, kodi watipatsa chiyani chimene tinalibe? Wangotikumbutsa kuti choyambirira chija chinali chabwino koposa, ndipo womvera wanzeru adzazimitsa chotsanziracho nabwerera kwa mwini. Ulemu wozama ndi wa munthu amene waphunzira nyimboyo kufikira wapezamo chinthu chimene mwini wake anachiikamo koma sanachitulutse, ndipo achitulutsa poyera. Opeka nyimbo aakulu amadziwa zimenezi. Bob Dylan anatulutsa "All Along the Watchtower" mu 1967 ndi zoimbira zochepa. Jimi Hendrix anaitenga mu 1968 naiyatsa moto ndi gitala yamagetsi. Ndipo kuyambira pamenepo Dylan, poiimba pamaso pa anthu, anatsamira ku njira ya Hendrix, osachita nsanje. Pajatu mphini yobwereza ndiyo imawala.

Komabe ufulu umenewu uli ndi malire ake, ndipo malirewo ndi kumvetsa. Pamene Nick Cave ndi gulu lake anaphwanya "Tower of Song" m'zidutswa, nalumpha kuchoka ku kaimbidwe kena kupita ku kena, sanachite mwachisawawa, pakuti nyimboyo ikamba za woimba wokalamba amene akudziyeza yekha ndi akuluakulu amene anamutsogolera, ndipo iwo anayendayenda m'maimbidwe a akuluakuluwo mwanthabwala, monga nyimboyo mwini ili ndi nthabwala zake. Wosintha nyimbo asanaimvetse ndiye wachipongwe, pakuti agwiritsa ntchito dzina la mnzake pofuna kudzionetsa yekha.

Ngati oimba achinyamata anachita bwino chotero, kodi otchuka koposa sakanachita zoposa?

Zimenezi zinayesedwa. Mu 1995 kunatuluka chimbale china cholemekeza Cohen, chotchedwa Tower of Song, ndipo maina a pa chikuto chake anali oti sangafunsidwe kawiri: Elton John, Billy Joel, Sting, Willie Nelson, Peter Gabriel, Don Henley, Tori Amos, ndi Bono wa gulu la U2, amene anatenga "Hallelujah." Munali nyimbo zina zoimbidwa mokhudza mtima, koma olemba za nyimbo ambiri anachilandira mozizira, ndipo Bono mwini, patapita zaka, anapepesa poyera chifukwa cha mmene anaimbira nyimboyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chifukwa chake sichovuta kuchiona: woimba wotchuka kwambiri amadza ndi kaimbidwe kake kamene anthu amamudziwa nako, ndipo n'kosavuta kuti aikokere nyimbo ku kaimbidwe kameneko m'malo moti iye apite kumene nyimbo ikumuitanira, chinanso, kampani ikamasankha oimba poyang'ana kukula kwa maina awo, siifunsa ngati munthuyo anakhalapo ndi nyimboyo mumtima. Chimbale chaulemu chimakoma kapena kuipa pa ntchito ya wokonza, amene ayenera kudziwa kuti nyimbo yakuti iyenera liwu lakuti, ndi kulimba mtima kukana chimene sichinapse, ngakhale chichokere kwa munthu wamkulu.

Nanga ndalama za chimbale chotere zimapita kwa yani, ndipo kodi pafunika chilolezo?

Pa nyimbo iliyonse yojambulidwa pali umwini wa mitundu iwiri: umwini wa nyimbo yopekedwayo, ndiwo mawu ndi chuni chake, umene ndi wa wopeka kapena kampani yomusungira nyimbo, ndi umwini wa kujambulako, umene ndi wa woimba kapena kampani imene inalipira situdiyo. Wobwereza nyimbo ya wina amakhala mwini wa kujambula kwake kokha, ndipo pa chimbale chilichonse chogulitsidwa, ndi paliponse pamene nyimboyo yaulutsidwa, gawo la wopeka liyenera kuperekedwa. Ku America lamulo la mu 1909 linakhazikitsa kuti nyimbo ikangotulutsidwa kamodzi ndi chilolezo cha mwini wake, wina aliyense angathe kuijambula, malinga alipire mtengo woikidwa ndi boma. Mtengowo unali masenti 2 pa nyimbo imodzi pa chimbale chilichonse kufikira mu 1978, ndipo mu 2023 unafika pa masenti 12. M'maiko ambiri ntchitoyi ili m'manja mwa mabungwe otolera ndalama m'malo mwa opeka, monga COSOMA kuno ku Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1992.

Nkhani ziwiri zionetsa kulemera kwa umwini umenewu. Dolly Parton anakana kupereka theka la umwini wa nyimbo yake ya "I Will Always Love You" pamene woyang'anira Elvis Presley anafuna kutero, ngakhale kuti kukanako kunamumana mwayi woti Elvis aiimbe. Ndipo pamene Whitney Houston anaiimba mu 1992, phindu la wopeka linapita kwa Parton. Koma Solomon Linda, amene anajambula "Mbube" ku Johannesburg mu 1939 nalandira masheleni ochepa, anamwalira wosauka mu 1962, pamene nyimbo yake, itasandulika "The Lion Sleeps Tonight," inali kulemeretsa anthu ena kutsidya kwa nyanja. Ndipo ana ake anadikira kufikira 2006 kuti mlandu uthe ndi mgwirizano wowapatsa gawo lawo. Chotero kubwereza nyimbo kungakhale dalitso kwa wopeka, kungakhalenso kulanda, ndipo chosiyanitsa ndi dzina lolembedwa pa chikuto ndi ndalama yofika m'manja oyenera.

Bwanji zimbale zambiri zotere zimakhala zothandiza ovutika?

Chifukwa n'kosavuta kupempha oimba makumi awiri kuti aliyense apereke nyimbo imodzi kwaulere kusiyana ndi kupempha mmodzi kuti apereke chimbale chathunthu, ndipo dzina la wopeka wolemekezeka limasonkhanitsa anthu amene pa zifukwa zina sakanakhalira pamodzi. Mu 1990 chimbale cha Red Hot + Blue chinatenga nyimbo za Cole Porter yemwe uja, nichizipereka kwa oimba monga U2, Annie Lennox, Neneh Cherry ndi Salif Keita wa ku Mali, kuti ndalama zake zithandize polimbana ndi Edzi, ndipo chinagulidwa koposa miliyoni imodzi. Bungwe limene linakonza chimbalecho mu 2002 linatulutsa Red Hot + Riot, cholemekeza Fela Kuti wa ku Nigeria, amene anamwalira ndi matendawa mu 1997. Munaimba mwana wake Femi Kuti, woimba ng'oma wake wakale Tony Allen, Baaba Maal wa ku Senegal, Manu Dibango wa ku Cameroon, pamodzi ndi oimba a ku America. Mu 2012 bungwe la Amnesty International, pokumbukira zaka 50 chiyambire ntchito yake, linatulutsa Chimes of Freedom, nyimbo za Bob Dylan zoposa 70, ndipo pakati pa oimba panali Angélique Kidjo wa ku Benin.

Kodi ife okonda nyimbo tiphunzirapo chiyani?

Choyamba n'chakuti tizifunsa amene anapeka, pakuti anthu ambiri amene misozi imalengeza m'maso akamva "Hallelujah" amayesa kuti ndi ya Buckley, ena amayesa kuti ndi nyimbo yakale ya m'tchalitchi, ndipo sanamvepo dzina la Cohen, ngakhale la Cale. Chachiwiri n'chakuti, tikamva nyimbo yobwerezedwa, tibwerere kwa mwini wake tikamve mmene anaiimbira, pakuti kukoma kwa zimbale zimenezi kuli pa kuyerekeza, ndipo amene wamva mbali imodzi yokha wamva theka la nkhani.

Chachitatu chikhudza nthawi. Cohen analandira ulemu wake atapitirira zaka 55, akali ndi mphamvu, ndipo achinyamata amene anamupeza kudzera mwa R.E.M. ndi Pixies anali pakati pa makamu amene anadzaza mabwalo pamene iye anabwerera kukaimba m'maiko ambiri kuyambira mu 2008. Kwathu kuno tinaona zofanana nazo mu 2020, pamene Patience Namadingo anakhala pansi ndi agogo athu a Giddes Chalamanda, ali ndi zaka 90, naimba nawo nyimbo zawo zakale, ndipo "Linny Hoo" inafalikira pa TikTok kufikira kwa anthu a maiko amene sadziwa Chichewa. Mawu a akulu akoma akagonera, inde. Koma si bwino kuti agonere kufikira mwini wake atagona. Opeka nyimbo athu okalamba alipo m'midzi ndi m'matauni, ena nyimbo zawo zili pa matepi amene akutha ndi chinyezi. Ndipo woimba wachinyamata amene afuna kuwachitira ulemu awayendere akali moyo, apemphe chilolezo, afunse ndime zimene sizinajambulidwe monga anachitira Cale, alembe dzina lawo pa chikuto, ndipo aonetsetse kuti gawo lawo la ndalama lawafika.